Wochi ndi Madzi

Dzinja likafika ku Chipata mvula siicita manyazi. Kuyambira mwezi wa November kufikira April mitambo imasonkhana pamwamba pa mapiri ozinga mzindawo, ndipo mitsinje monga Lutembwe ndi Lunkhwakwa, imene m'malimwe imayenda mwaulesi, imadzaza ndi kusefukira. Mlimi amakondwera, cimanga cimakondwera, ng'ombe nazo zimakondwera. Koma kalipo kanthu kamodzi kamene sikakondwera ndi madzi ngakhale pang'ono. Kanthu kameneko ndi wochi ya pamkono.

Wochi ya agogo

M'mudzi wina kufupi ndi mtsinje wa Lutembwe munali mkulu wina amene anagwira nchito zaka zambiri ku migodi ya mkuwa ku Mufulira. Pobwerera kwao anadza ndi zinthu zitatu: njinga, sutikesi, ndi wochi ya ku Switzerland imene anaigula ndi ndalama zosunga zaka zinai. Njinga inatha, sutikesi inadyedwa ndi ciswe, koma wochi inali kuyendabe. M'mawa muli monse mkuluyo ankapotokola kamutu kace, naiika pakhutu, namwetulira.

Caka cina m'mwezi wa February mdzukulu wace anapita ndi amalume ace kukaonera Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo agogowo anambwereka wochi ija kuti asacedwe kukwera galimoto. Pobwera, mnyamatayo anatsikira panjira, nayenda yekha, napeza mtsinje utadzaza. Iye anali atawerenga kumbuyo kwa wochiyo mau a Cingerezi akuti Waterproof, ndiko kunena kuti yosalowa madzi. Cotero anasenza zobvala zace pamutu, naoloka madzi olekeza m'cifuwa, wochi iri pamkono.

Madzulo ace anaona kankhungu kunsi kwa galasi. Mtima unamgunda. Anabisa wochi ija m'kacitini, nauza agogo ace kuti yatsala kwa amalume. Pa tsiku lacitatu anatsegula kacitini kaja, naika wochi pakhutu: zii! Pamenepo anapita kwa agogo ace, nagwada, naulula zonse.

Mkuluyo sanakalipe. Anangoti, "Mawa tilawirire ku tauni."

Ku tauni anapeza munthu wokonza mawochi atakhala pa khonde la sitolo, kagalasi kokuzira zinthu kali padiso. Iye anatsegula wochi ija, nayang'anitsitsa, napukusa mutu.

"Mwana wanga, madziwa analowa liti?"

"Papita masiku anai, atate."

"Ukadabwera tsiku lomwelo, ndikadangoiumitsa ndi kuithira mafuta. Taona tsopano."

Mnyamata anayang'ana pa kagalasi kaja, naona madontho ofiira pa timagudumu. Linali dzimbiri.

"Koma atate, kumbuyo kwacelembedwa kuti siilowa madzi."

"Amene analemba mau amenewo sananame," anayankha mmisiriyo. "Koma anawalemba wochi iyi iri yatsopano, iwe usanabadwe."

Kuti mau a mmisiriyo amveke bwino, kuyenera kudziwa poyamba zimene ziri m'kati mwa wochi.

Za m'kati mwa wochi

Mawochi ali a mitundu iwiri. Ena amayenda ndi kabatire, ndipo ndiwo oculuka masiku ano. Ena alibe batire konse. Amayenda ndi mphamvu ya kasipuling'i kopindidwa ngati nkhata. Mwini wochi akapotokola kamutu, kasipuling'i kamakungika monga uta. Tsono kamamasuka pang'ono pang'ono, nikakankha timagudumu ta mano, ndipo timagudumuto timayendetsa mivi yosonyeza nthawi. Kuti kasamasuke nthawi imodzi, muli kagudumu kena kamene kamapita uku ndi uku kosapuma, kolamulidwa ndi kawaya kaulusi kocepa ngati tsitsi. Kameneko ndiko kamalira kuti tiki-tiki. M'mawochi akale kamagunda kasanu pa sekondi imodzi, ndiko kunena ka 432,000 pa tsiku. M'mawochi ambiri atsopano kamagunda ka 8 pa sekondi.

M'wochi yotere muli tizigawo toposa 100, tambiri tacitsulo. Nsonga za timagudumu zimazungulira pa timiyala tofiira tolimba, ndipo pa kamwala kali konse pali kadontho ka mafuta kocepa koposa njere ya mawere. Mawochi a mtengo wapatali ambiri ali a mtundu umenewu, ndipo ena a iwo mtengo wao uposa wa ng'ombe khumi.

Madzi akalowa m'menemo amacita zoipa zitatu. Amaononga mafuta, kotero kuti zitsulo zimayamba kudyana. Amamatiriza kawaya kaulusi kaja, ndipo wochi imathamanga kapena kuima. Coipa coposa ndi dzimbiri, limene limayamba m'masiku owerengeka okha. Madzi a mcere ndiwo aliwiro koposa pa nchito yoonongayi.

Makomo atatu

Mvula siiboola khoma labwino la nyumba. Imalowa pa denga lothyoka, pa zenera, kapena pansi pa citseko. Comweconso madzi sangaboole citsulo ca wochi, koma amafuna polumikizira. Malo otere alipo atatu: pamene galasi likumana ndi citsulo, pa cibvundikiro ca kumbuyo, ndi pa kamutu kokungira. Khomo lobvuta koposa ndi la kamutu, pakuti kamtengo kace kayenera kupyola m'citsulo kufika m'kati, ndiponso kayenera kuzungulira.

Pa khomo liri lonse amisiri amaika kamphete ka mphira kapena ka pulasitiki. Citsulo cikapanikiza kampheteko, kamaphwatalala ndi kutseka mpata wonse. Koma mnyamata ali yense adziwa cimene cimacitikira mphira wa legeni akakhala caka cimodzi: amauma, nang'aluka, naduka. Timphete ta m'wochi nato timakalamba. Thukuta, sopo, dzuwa ndi kutentha zimafulumiza ukalamba wao. Wochi ya agogo aja inali yonyezimira kunja, koma kamphete ka pa kamutu kanali kataphwanyika kale ngati cikhokho ca nsima. Akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'mene anthu anaphunzirira kutseka makomowo

Kale amuna ankasunga mawochi m'thumba, m'mene mvula ndi fumbi sizifika msanga. Pa nkhondo yaikuru ya 1914 mpaka 1918 asilikari anaona kuti nkwabwino kumanga wochi pamkono, ndipo nkhondo itatha anthu ambiri anatengera mwambowo. Koma pamkono wochi inakumana ndi mvula, thukuta ndi matope, ndipo ambiri anafa msanga.

Munthu wina dzina lace Hans Wilsdorf, wobadwira ku Germany, anayamba malonda a mawochi ku London m'caka ca 1905, ndipo pambuyo pace anasamukira ku Geneva m'dziko la Switzerland. Mawochi ace anawacha Rolex. M'caka ca 1926 anaturutsa wochi imene cibvundikiro cace, mkombero wa galasi ndi kamutu komwe zinali ndi mazinga, zomangidwa mozungulira monga nati pa bauti ya njinga. Anaicha Oyster, ndilo dzina la nkhono ya m'nyanja ya zigoba ziwiri, imene ikatseka zigoba zace siitsegulika wamba.

Caka cotsatira kunacitika cinthu cimene cinachukitsa wochiyo. Pakati pa England ndi France pali nyanja yochedwa English Channel, imene pamalo popapatiza iri ndi makilomita oposa 30. Pa 7 October 1927 mkazi wina wogwira nchito yotaipa makalata ku London, dzina lace Mercedes Gleitze, anasambira kuoloka nyanjayo m'maola 15 ndi mphindi 15. Posacedwa mkazi wina ananena kuti iyenso waoloka, koma pambuyo pace anabvomera kuti linali bodza. Pamenepo anthu anayamba kukayikira Gleitze yemwe. Kuti ayeretse dzina lace, iye analowanso m'madzi pa 21 October, nthawi imene nyanja inali itazizira kwambiri, ndipo ulendo uno anabvala wochi ya Oyster m'khosi pa kansaru. Anasambira maola oposa 10, koma kuzizira kunamlaka, ndipo anamkweza m'bwato asanafike tsidya. Anthu analeka kumkayikira poona kupirira kwace. Ndipo atayang'ana wochi ija, anaipeza youma m'kati, iri kuyenda bwino. Zitatero eni masitolo ena anayamba kuika mawochi amenewa m'mitsuko yagalasi momwe munali madzi ndi tinsomba, kuti odutsa aone ndi maso ao.

M'caka ca 1931 anthu a Rolex anaikamo kacitsulo kolemera kamene kamazungulira mkono ukagwedezeka, nikakunga kasipuling'i kokha. Cotero mwini wochi sanafunikenso kumasula kamutu m'mawa muli monse, ndipo khomo lobvuta lija linkakhala cotseka masiku ambiri.

Mawochi a anthu omira

Alipo anthu amene nchito yao ndi kumira pansi pa madzi atabereka cibotolo ca mpweya kumsana: ena kukonza zombo, ena kuyang'ana makoma a madamu, ena asilikari. Kwa munthu wotere wochi siiri yodzikometsera ai. Mpweya wa m'cibotolo uli ndi malire, ndipo womira akakhalitsa pansi kapena akabvuuka mofulumira angathe kudwala ndi kufa. Wochi yace ikaima iye osadziwa, moyo wace uli pangozi.

Cifukwa ca ici m'caka ca 1953 munaturuka mawochi awiri ochuka. Ina inapangidwa ndi a Blancpain, niigwiritsidwa nchito ndi asilikari omira a ku France. Dzina lace ndi Fifty Fathoms, ndiko kuti mikwamba 50, kapena mamita 91. Inzace inali Submariner ya a Rolex, yopirira mamita 100. Onse awiri anali ndi mkombero wozungulira wa manambala, woti womira adziwe mphindi zimene wakhala pansi, ndiponso mivi yowala mumdima.

Pa 23 January 1960 anthu awiri, Jacques Piccard ndi Don Walsh, analowa m'combo comira cochedwa Trieste, natsikira ku malo akuya koposa onse a m'nyanja za dziko lapansi, ku Mariana Trench m'nyanja ya Pacific, pafupifupi mamita 10,900 pansi. Kunja kwa comboco anamangirira wochi yopangidwira mayeso amenewo, ya galasi locindikala lotumphuka ngati dzira. Atabvuuka, wochi inali kuyendabe.

Kulemera kwa madzi

Nanga nciani cimabvuta pansi pa madzi? Mtsikana ali yense amene anasenzapo ndowa adziwa kuti madzi alemera. Munthu akamira, madzi onse a pamwamba pace amampsinja mbali zonse. Ndico cifukwa cace wosambira akatsika pa dziwe lakuya makutu amamuwawa.

Ophunzira anayesa kupsinja kumeneku. Pa mamita 10 pansi, kamalo kalingana ndi cikhadabo ca cala kamapsinjidwa ndi madzi ngati pasanjikidwa kilogalamu imodzi. Pa mamita 100 ndi makilogalamu 10. Nyanja ya Malawi pamalo pace pozama koposa iri ndi mamita pafupifupi 700. Pamenepo cikhadabo cisenza makilogalamu 70. Nyanja ya Tanganyika, imene ifika ku Mpulungu kumpoto kwa Zambia, izama mamita 1,470, ndipo pansi pace kamalo komweko kasenza pafupifupi matumba atatu a cimanga a makilogalamu 50. Kumene kunafika Trieste ndi matumba oposa 20 pa cikhadabo cimodzi! Mphamvu yotere imakankhira madzi m'kampata kosaoneka ndi maso, ndipo ingathe kuswa galasi ndi kupinda citsulo. Cifukwa cace mawochi omira nao amakhala ocindikala ndi olemera.

Tanthauzo la manambala

Masiku ano opanga mawochi ambiri anasiya mau aja akuti Waterproof, pakuti palibe wochi imene madzi angailephere nthawi zonse ndi pozama pali ponse. Amalemba Water Resistant, ndiko kuti yolimbana ndi madzi, ndipo amaonjezapo nambala, monga 30 m, 50 m, 100 m kapena 200 m. Ena amalemba 3 bar kapena 3 ATM, ndipo zimenezi zilingana ndi 30 m.

Apa ndipo ambiri amasokera. Nambala imeneyi imacokera m'nyumba yoyesera, m'mene wochi yatsopano imaikidwa m'cotengera cotseka, niipsinjidwa kanthawi kocepa, iri duu, madzi osatentha ndi osazizira kwambiri. Mtsinje wa Lutembwe m'mwezi wa February suli cotero. Madzi ace amathamanga, muli mcenga, mkono umagunda miyala, ndipo wochi yotentha ndi dzuwa imalowa mwadzidzidzi m'madzi ozizira. Cotero amisiri ambiri amalangiza motere. Wochi ya 30 m ipirira madontho a mvula ndi kusamba m'manja, koma siyosambira nayo. Ya 50 m ipirira kubviikidwa kanthawi m'madzi osazama. Ya 100 m munthu angathe kusambira nayo. Yomira nayo pansi ndi mpweya wa m'cibotolo ndi ya 200 m kapena kuposa, makamaka yolembedwa Diver's. Bungwe la maiko onse loona za miyeso, lochedwa ISO, linaika lamulo lakuti wochi yolembedwa mau amenewa iyesedwe ndi mphamvu yoposa nambala yace: ya 200 m iyesedwa ngati iri pa mamita 250.

Kuyeneranso kudziwa kuti alipo mawochi onyenga, ogulitsidwa mtengo wocepa, olembedwa maina ochuka ndi manambala akuru. Kulemba nambala nkosabvuta. Kutseka makomo atatu ndiyo nchito. Ndipo ngakhale wochi yeniyeni ya golidi, ya mtengo woposa nyumba, ingathe kukhala ya 30 m cabe, cifukwa anaipangira kukongola, osati kusambira. Madzi safunsa mtengo.

Kasungidwe ka wochi

Mwini wochi wanzeru amasunga malamulo awa.

Asanayandikire madzi amaona kuti kamutu nkokankhidwa bwino, ndipo ngati kali ndi mazinga amakamanga.

Sapotokola kamutu kapena kutobwanya mabatani wochi iri m'madzi kapena iri yonyowa.

Sasamba nayo madzi otentha ndi sopo.

Akasambira nayo m'madzi a mcere kapena a matope, amaitsuka ndi madzi oyera, kamutu kali cotseka, naipukuta ndi nsaru yofewa.

Amapita nayo kwa mmisiri kuti ayese timphete, makamaka ngati amasambira nayo, caka ndi caka. Ndiponso nthawi iri yonse cibvundikiro cikatsegulidwa kapena wochi ikagwa pansi.

Akaona nkhungu kunsi kwa galasi saiika pamoto, saitsegula ndi mpeni, ndipo saibisa. Amapita nayo kwa mmisiri tsiku lomwelo.

Mathero a nkhani ija

Mmisiri uja anasunga wochi ya agogo milungu itatu. Anaiphwasula yonse, natsuka kacigawo kali konse, nacotsa timagudumu tiwiri todyedwa ndi dzimbiri, naika tina tocokera m'wochi yakufa, naikanso timphete tatsopano. Nchito yotere ifuna kufatsa. Paja kuona maso a nkhono nkudekha. Potsiriza anaifunditsa pang'ono, nadonthezera madzi ozizira pa galasi, napukuta, nayang'ana ngati nkhungu ioneka m'kati. Siinaoneke. Pamenepo anadziwa kuti m'kati ndi mouma.

Kuti alipire nchitoyo agogo anagulitsa mbuzi. Pobwerera kumudzi anati kwa mdzukulu wao, "Madzi anatenga nkhuku, koma kubisa kwako kwatenga mbuzi."

Atafika pa Lutembwe madzi anali ataphwerako, olekeza m'maondo. Mnyamatayo anapempha wochi ija, naikulunga m'kansaru, naiika m'cipewa pamutu pace, nagwira agogo ace dzanja, naoloka.

Mafunso

1. Chulani makomo atatu amene madzi amalowera m'wochi. Lobvuta koposa ndi liti, ndipo cifukwa ninji?
2. Madzi amacita zoipa zanji m'kati mwa wochi yoyenda ndi kasipuling'i?
3. Hans Wilsdorf anacita ciani m'caka ca 1926 kuti atseke makomo a wochi?
4. Cifukwa ninji Mercedes Gleitze anasambiranso kaciwiri? Kodi anafika tsidya?
5. Fotokozani cifukwa cace munthu womira pansi pa madzi afuna wochi yokhulupirika.
6. Wochi yolembedwa 30 m, kodi munthu angaoloke nayo mtsinje wodzaza? Perekani zifukwa ziwiri.
7. Agogo anatanthauzanji ponena za nkhuku ndi mbuzi?

Masamu

1. Ngati pa mamita 10 madzi apsinja kamalo konga cikhadabo ndi kilogalamu imodzi, adzapsinja ndi makilogalamu angati pa mamita 300?
2. Wochi ina igunda ka 8 pa sekondi. Igunda kangati pa mphindi imodzi? Nanga pa ola limodzi?

Zocita

1. Tengani citini cacitali, muboole mabowo atatu ndi msomali: lina kumwamba, lina pakati, lina kufupi ndi pansi. Ciikeni m'mphepete mwa thebulo, mutseke mabowo ndi zala, mudzaze madzi, ndipo mucotse zala. Ndi bowo liti limene madzi ace aturuka mwamphamvu koposa? Lembani cifukwa cace.
2. Jambulani wochi ya pamkono m'buku lanu, musonyeze makomo atatu ndi mivi.
3. Funsani akulu a kwanu m'mene anthu ankadziwira nthawi mawochi asanabwere, ndipo mulembe mizere khumi.